Chaka chimene amayi anasiya kudya Mgonero

M'chaka cha 1857 akuluakulu a mpingo wa Dutch Reformed anakumana pa sinodi ku Cape Town, ndipo ina mwa nkhani zimene anakambirana inali ya Mgonero wa Ambuye. Akhristu ena achizungu sankafuna kukhala pa gome limodzi ndi akhristu akuda ndi makaladi. Sinodi ya mu 1829 inali itanena kale kuti Mgonero uziperekedwa kwa onse pamodzi, posayang'ana khungu. Ya mu 1857 inabwerera m'mbuyo. Inavomereza kuti Malembo amafuna kuti onse azipembedza pamodzi, kenaka n'kuonjezera kuti kumene zimenezi zikuvuta chifukwa cha kufooka kwa ena, akhristu osakhala azungu atha kumasonkhana m'nyumba ina. Kufookako kunali kwa azungu, koma otuluka anali enawo. Pofika 1881 makaladi anali atawakhazikitsira mpingo wawowawo, ndipo pamene boma la apartheid linkayamba kulamula mu 1948, linapeza njira ya tsankho italambulidwa kale m'tchalitchi.

Nkhani imeneyi ine imandikhudza ngati ya m'banja, chifukwa mpingo womwewo ndi umene unatuma A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ku Mvera mu 1889. Kuchokera pamenepo kunabadwa mpingo wa Nkhoma, umene unalowa mu CCAP mu 1926, ndipo m'menemo ndi mmene ndinabatizidwira. Buku Lopatulika limene agogo anga ankawerenga, limene W.H. Murray ndi anzake achikuda anavutika nalo zaka zambiri mpaka kutuluka cha mu 1922, linachokera m'manja omwewo. Sindikunyoza anthu amene anatisiyira sukulu, chipatala ndi Mawu a Mulungu m'chiyankhulo chathu. Chimene chimandiopsa n'chakuti anthu opemphera ndithu, odziwa Malembo, anatha kuligawa pakati gome la Ambuye. Ndipo mukaliwerenga bwino ganizo la mu 1857 lija mumaona kuti gome lisanagawike, unali utayamba wagawika mtima. Mbali ina ikuti Malembo akutero, mbali ina ikuti koma ife sitingathe, ndipo mbali yachiwiriyo ndi imene inapambana.

Ndakhala ndikumva maulaliki ambiri a mtendere wa mumtima, ndi ena ambiri a umodzi wa abale, ngati kuti ndi mitu iwiri yoyenera masabata awiri osiyana. Ine ndimakhulupirira kuti ndi nkhani imodzi. Munthu amene mkati mwake muli nkhondo sangakhale pansi n'kudya ndi m'bale wake moona, ndipo munthu amene wadana ndi m'bale wake sangakhale wamphumphu mkati, ngakhale atayimba motani. Izi sindinaziphunzire m'kalasi. Ndinaziona m'nyumba mwathu.

Kwathu ndi ku Dedza, chakufupi ndi mtsinje wa Linthipe. Agogo aakazi atamwalira anasiya dimba lalikulu bwino, la dothi lakuda, losauma ngakhale mu Okutobala. M'menemo ndi mmene munkachokera mpiru, tomato ndi mbatata ya kachewere zimene amayi ankagulitsa kuti ife tipite kusukulu. Kwa ife Achewa malo amayenda mbali ya kuchikazi. Atsibweni ndi mwini mbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo, koma umwini mbumba si umwini wa malo. Atsibweni athu, amene anali aang'ono kwa amayi, anagulitsa dimbalo kwa munthu wina wa geni wochokera kutauni, osauza aliyense.

Amayi anadziwa m'mawa wina atapita ndi khasu n'kupeza anyamata achilendo akukumba ngalande, injini yopopera madzi ikulira m'mphepete mwa mtsinje. Anabwerera dzuwa lisanakwere, khasu likadali paphewa, lopanda dothi. Analitsamiritsa pakhoma la khitchini, n'kukhala pamkeka. Tsiku lonse sanayankhule. Nkhani inapita kwa a nyakwawa, koma wogulayo anali ndi pepala losayinidwa, ndalama zinali zitalowa kale m'zinthu zina, ndipo dimba silinabwerenso.

Amayi ndi a Chigwirizano. Lachinayi lililonse ankavala yunifolomu yawo yoyera n'kupita kumsonkhano, ndipo sanasiye. Kutchalitchi sanajombe. Koma Sabata la Mgonero litafika, pa nthawi imene ana, a m'kalasi ndi odulidwa amatuluka kuti atsale odya okha, amayi anaimirira, n'kumanga bwino chitenje chawo, n'kutuluka nafe limodzi. Anthu anacheuka. Kunja kunayamba manong'onong'o akuti kaya adulidwa, kaya achita chiyani. Panalibe amene anawadula. Anadziletsa okha. Titawafunsa madzulo anati, "Ndikadye bwanji mkate umodzi ndi munthu amene ndikangomuona mtima umandiwira? Ndikanamize ndani, abusa kapena Mulungu?" Ankanena za mawu a Yesu a pa Mateyu 5:23-24, akuti ukabwera ndi mphatso yako paguwa n'kukumbukira kuti pali nkhani pakati pa iwe ndi m'bale wako, uisiye pomwepo, uyambe wakayanjana naye. Chimene chinkatiwawa anafe chinali chakuti atsibweni, amene anali olakwa, ankatsalira mkati n'kumadya, atakhala mbali ya abambo ngati palibe chachitika.

Miyezi imeneyo amayi anasintha. Tulo tinawathawa. Tinkawamva akusesa pabwalo kukadali mdima, tambala asanalire. Ndiwo zinkapserera pamoto iwo ali chikhalire pafupi, maso ali kwina. Kanthu kakang'ono, kaya mbale yosatsukidwa, ankakalipa mpaka mawu kusasa, kenaka n'kukalowa m'nyumba kukalira. Koma chimene sindidzaiwala ndi mapemphero a madzulo. Tinkamaliza ndi Pemphero la Ambuye, tonse mokweza. Tikafika pa mawu akuti mutikhululukire mangawa athu monga ifenso takhululukira amangawa athu, mawu a amayi ankazimirira. Ankadikira tidutse mzere umenewo, n'kutipezanso patsogolo. Usiku uliwonse zinali choncho. Sankafuna kunama pamaso pa Mulungu, koma kukhululuka kunkawakanika, ndiye anangodumphapo.

Munthu amene wafika pamenepa wagawika pawiri. Paulo anazidziwa, ndipo pa Aroma 7 akudandaula kuti chabwino chimene akufuna sachichita, koma choipa chimene sakufuna ndi chimene amachita. Yakobo amanena za munthu wa mitima iwiri, wosakhazikika pa njira zake zonse. Ife tikamva mawu amenewa timaganiza za zidakwa ndi achigololo. Koma amayi anga sanali chidakwa. Anali munthu wolakwiridwa. Kulakwiridwa nakonso kumamugawa munthu: mbali ina ikufuna Mulungu, mbali ina ikufuna kuti wolakwayo aone zakuda, ndipo mbali ziwirizi zimakokana usana ndi usiku mpaka thupi kuonda.

Panabwera anthu ambiri odzalangiza. Ambiri mawu awo anali amodzi: "Mayi, ingokhululukani, zapadziko n'zotsala." Ena ankawakumbutsa kuti chibale ndi fupa, sichiola. Mawu oona onsewo, koma sanathandize, chifukwa onenawo ankafuna kuti nkhani ithe msanga, iwo apume. Palibe mmodzi mwa iwo amene anapita kwa atsibweni kukawauza kuti analakwa. Mtolo wonse wa mtendere ankausenzetsa wolakwiridwa.

Amene anathandiza anali mkulu wa mpingo wa dera lathu, bambo wachikulire wosachedwa kuseka koma wochedwa kuyankhula. Anabwera masana ena amayi akusenda mtedza pakhonde. Anatsamiritsa njinga yake pamtengo wa mango, n'kukhala pachitsa, n'kukoka lichero kuyamba kusenda nawo. Anacheza za mvula, za mtengo wa feteleza, za mwendo wawo umene unkawavuta. Ine ndinali pafupi, ndikusoka thumba la chimanga, makutu ali tcheru. Mtedza utafika theka la lichero anafunsa kuti, "Mayi, chikukupwetekani kwenikweni n'chiyani? Ndi dimba lija, kapena pali china?"

Amayi anakhala chete nthawi yaitali, zala zikungoswa makoko. Kenaka anayamba kuyankhula zimene ife ana awo tinali tisanamvepo. Anati mlongo wawoyo anamubereka kumsana iwo akadali kamtsikana. Ndalama za sukulu zitachepa, agogo aamuna anasankha kuti apitirize ndi mnyamata, iwo asiye, ndipo anasiya osadandaula, n'kumalima dimba lomwelo kuti iye aphunzire. "Ndiye lero agulitse osandiuza ndi liwu limodzi? Wandiyesa ngati kulibe. Ngati si munthu." Misozi inkagwera mumtedza.

Mkulu uja sanawatonthoze msanga. Anawasiya alire. Kenaka anatulutsa Baibulo lake lokutidwa ndi pepala la pulasitiki, n'kuwerenga Salimo 86, mpaka pa ndime 11 pamene Davide akupempha Mulungu kuti aumbe mtima wake ukhale umodzi. Anati, "Mwaona, mayi, ngakhale Davide mtima wake sunali umodzi, n'chifukwa chake anapempha. Inu mwakhala mukubisira Mulungu mkwiyo wanu ngati sakuuona. Muuzeni. Masalimo adzaza ndi anthu odandaula, ena ofika pokalipa, ndipo Mulungu sanawathamangitse." Anaonjezera kuti, "Mlongo wanu akhoza kukuyesani ngati kulibe, koma amene anakuferani sanakuyeseni choncho. Ulemu wanu sunali m'dimba, ndipo sunagulitsidwe nalo limodzi." Ponyamuka anati, "Sindikukuuzani kuti mukhululuke lero. Ine ndikupita kwa achimwene anuwo."

Anapitadi. Zimene anakambirana kumeneko sitinazimve, koma Mgonero wotsatira atsibweni nawonso anatuluka ndi ana. Akulu ampingo anali atawauza kuti adikire kaye mpaka nkhani itakonzedwa. Yesu anaika njira imeneyi pa Mateyu 18:15-17: pita kwa m'bale wako panokha, akapanda kumva tenga mmodzi kapena awiri, akakanabe uuze mpingo. Ndi njira yovuta chifukwa imafuna munthu wolimba mtima woti akagogode pakhomo la wolakwa. Kulalikira chikhululukiro paguwa n'kosavuta kuyerekeza ndi ulendo wa panjinga umenewo.

Tsiku lokumana panali ankhoswe a mbali zonse, nduna ya a nyakwawa, mkulu wa mpingo uja ndi mnzake, komanso azakhali athu. Atsibweni anayamba ndi makani. Ankati iwo ndiye mwini mbumba, palibe angawauze zochita. Mkulu uja anangowafunsa funso lomwe lija anafunsa amayi, kungolitembenuza: "Bambo, chinakukakamizani n'chiyani?" Pamenepo panatuluka nkhani imene palibe ankaidziwa. Pa matenda a agogo, mayendedwe a kuchipatala, mankhwala, kenaka bokosi ndi chakudya cha pamaliro, zonse zinagwera iwo, chifukwa aliyense ankawaona ngati ophunzira a pabanja, oyenera kukhala ndi ndalama. Analibe. Anakatenga katapila. Ngongole inakula mwezi ndi mwezi, mwini ndalama anayamba kubwera pakhomo n'kumaloza malata. Anachita manyazi kuuza alongo awo kuti munthu amene anamusiyira sukulu walephera ngakhale kuika mayi ake. Ndiye anagulitsa dimba mwakachetechete, n'kuphimba manyaziwo ndi ukali.

Atamaliza anatsika pampando n'kukhala pansi padothi, kutsogolo kwa amayi. Anati, "Achemwali, ndinalakwa. Ndinaopa kukuuzani." Amayi anati, "Achimwene, mukanandiuza tikanagulitsa mbuzi. Tikanagulitsa ngakhale theka la dimbalo, koma titagwirizana." Panalibe kukumbatirana ngati za m'mafilimu. Ankhoswe anayamba kukambirana za kubweza. Anagwirizana kuti atsibweni apereke kwa amayi munda wawo wa m'mphepete mwa dambo, ndiponso kuti aziwagulira matumba awiri a feteleza chaka chilichonse kwa zaka zitatu. Munda umenewo sunafanane ndi dimba lija, ndipo aliyense ankadziwa. Amayi anavomera. Usiku umenewo pa Pemphero la Ambuye sanadumphe mzere uja. Mawu anali onjenjemera, koma anaunena wonse.

Wina angafunse kuti chikhulupiriro chinachitapo chiyani apa chimene makolo athu sakanatha paokha. Funsolo ndi labwino. Unkhoswe ndi bwalo la mfumu zinalipo uthenga usanafike ku Mvera, ndipo zinkathetsa milandu yaikulu kuposa iyi. Anzathu achisilamu nawonso amayanjanitsa abale mwa njira zawo, ndipo ndawaona akuchita bwino. Pa nkhani yathu ankhoswe ndi nduna anagwira ntchito yeniyeni. Koma bwalo limagamula mlandu, silingalowe mumtima. Ndaona anthu olipirana mbuzi pabwalo, mlandu n'kutha, koma mpaka kufa osalawa chakudya cha pakhomo pa mnzake. Chimene amayi ankasowa sichinali chigamulo chokha. Ankasowa malo oti aimepo pamene m'bale wawo anawaona ngati kulibe, ndipo malo amenewo anawapeza mwa Khristu amene anawawerengera mtengo asanachite chilichonse. Atsibweni nawonso ankasowa malo oti avomerezerepo kulakwa popanda kuphwanyika. Munthu amene amakhulupirira kuti ulemu wake wonse uli pa kuoneka wamphamvu sangathe kunena kuti ndinalakwa, chifukwa kwa iye mawu amenewo ndi imfa. Uthenga wakuti Khristu anatifera tikadali ochimwa umachotsa mantha amenewo. Ukadziwa kuti wakhululukidwa kale ndi amene amadziwa zako zonse, kukhala pansi padothi pamaso pa mlongo wako kumatheka.

Ndiye palinso gomelo. Chikanakhala kuti kulibe Mgonero, amayi ndi atsibweni akanatha kukhala zaka makumi awiri akulambalalana pamsika, kupatsana moni wa pakamwa pamaliro, ana awo n'kutengera udaniwo ngati chuma cha masiye. Mlandu suola. Koma kangapo pachaka mpingo unkayala nsalu yoyera n'kuika mkate ndi chikho, ndipo nkhani yobisika inkaonekera poyera. Paulo akuti pa 1 Akorinto 10:17, popeza mkate ndi umodzi, ife ambiri tili thupi limodzi. Sankanena zophiphiritsa chabe. Pa mutu wotsatira akukalipira Akorinto chifukwa olemera ankayamba kudya n'kukhuta, osauka n'kutsala ndi njala, ndipo akuwauza kuti chimene akudyacho si Mgonero wa Ambuye. Ku Antiokeya anamutsutsa Petro pamaso pa onse, monga akufotokozera pa Agalatiya 2, chifukwa Petro anasiya kudya ndi akhristu a mitundu ina atafika anthu ochokera ku Yerusalemu. Kwa Paulo, funso lakuti ukudya ndi ndani linali funso la uthenga weniweniwo.

Kumpoto kwa dziko lathu kuli umboni wa zimenezi umene umandilimbitsa. Angoni a M'mbelwa ndi Atonga a kunyanja anali pa nkhondo zaka zambiri, mpaka Atonga ankakhala m'malinga chifukwa cha mantha. William Koyi, mlaliki wachikhosa wochokera ku Lovedale, sukulu ya mishoni ya ku South Africa, anatha kuyankhula ndi Angoni chifukwa chiyankhulo chake chinali chofanana ndi chawo, ndipo anakakhala pakati pawo ku Njuyu mpaka anamwalira mu 1886. Patapita zaka, Atonga ophunzira ku Bandawe ankakwera mapiri kukaphunzitsa m'midzi ya anthu omwe ankawathira nkhondo. Mu 1898 mmishonale Donald Fraser anachititsa msonkhano waukulu wa ubatizo ndi Mgonero ku Ekwendeni, kumene kunasonkhana anthu zikwi. Nkhondo zija sizinathe chifukwa cha uthenga wokha, panali zifukwa zinanso za ndale ndi za nthawiyo. Komabe kuleka kumenyana ndi kudyera pamodzi ndi zinthu ziwiri, ndipo chachiwiricho chinachitikira pa gome la Ambuye.

Sindingalembe zimenezi n'kuiwala Rwanda. Mu 1994 dziko limene anthu ake ambiri anali obatizidwa linapha anthu ake omwe mazana a zikwi m'masiku pafupifupi 100, ndipo ambiri anaphedwera m'matchalitchi mmene anathawira, monga ku Nyamata ndi ku Ntarama. Opha ndi ophedwa ambiri ankapemphera pamodzi. Zimenezi zimatseka pakamwa aliyense wofuna kunena kuti kudzaza kwa matchalitchi ndiye umodzi. Munthu atha kudya Mgonero zaka zonse mkati mwake muli chipinda chokhoma chimene Khristu saloledwa kulowamo, mmene muli mtundu, chipani ndi mantha. Ifenso tisadziyese oyera. Pa zisankho za 2019, ndi zobwereza za mu June 2020, ndinaona akhristu a mpingo umodzi akutukwanana pa Facebook potengera chigawo chimene munthu amachokera, Sabata n'kudzakhala benchi imodzi.

Palinso umodzi wabodza umene mipingo yathu imaukonda, ndipo umandikwiyitsa. Ndi umene umauza mayi womenyedwa kuti banja ndi kupirira, abwerere akagonjere, mwamuna osafunsidwa chilichonse. Ndi umene umauza mwana wamasiye wolandidwa nyumba kuti asakadandaule kubwalo chifukwa akhristu sasumirana. Kumeneko ndi kumata dothi pakhoma limene maziko ake agumuka: kunja kumaoneka bwino mpaka mvula ya Januwale. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira 2006, ndipo mkulu wa mpingo amene amaperekeza mayi wovulazidwa kupolisi sakuphwanya umodzi wa mpingo. Akuuteteza. Kukhululuka ndi ntchito ya mtima wa wolakwiridwa, ndipo kumamasula iye mwini ngakhale wolakwayo asanasinthe. Koma kuyanjana kumafuna anthu awiri, ndipo mbali ya wolakwa ndi kuvomereza ndi kubweza. Zakeyu sanangoti pepani. Anati theka la chuma chake apereka kwa osauka ndipo amene anamubera amubwezera kanayi, ndipo Yesu ananena kuti chipulumutso chafika panyumbapo atamva mawu amenewo.

Akhristu a mpingo wa makaladi uja, ana a anthu amene anatulutsidwa mu 1857, ndi amene anazinena momveka bwino kwambiri. Mu 1982 analemba chivomerezo cha chikhulupiriro ku Belhar, dera la ku Cape Town, ndipo anachivomereza pa sinodi yawo mu 1986, apartheid ikadali pachimake. Mfundo zake zazikulu ndi umodzi, kuyanjana ndi chilungamo, ndipo amakana kuzilekanitsa. Amati umodzi wa mpingo ndi mphatso komanso ndi udindo, ndipo uyenera kuoneka ndi maso. Mu Novembala 1990, pa msonkhano wa mipingo ku Rustenburg, mphunzitsi wa zaumulungu wa Dutch Reformed, Willie Jonker, anaimirira n'kuvomereza tchimo lake ndi la mpingo wake pa nkhani ya apartheid, ndipo Bishopu Desmond Tutu anaimirira n'kulandira kupepesako. Ena mwa akuda amene analipo anadandaula kuti Tutu wafulumira, popeza malo olandidwa anali asanabwezedwe. Ine ndimamva mbali zonse ziwiri, chifukwa ndinaziona pabwalo lathu: mawu akuti ndinalakwa amatsegula khomo, koma ankhoswe amayenera kutsalirabe kuti akambe za munda ndi feteleza.

Panopa ndimakhala ku Lilongwe, ndipo ndimapemphera pa mpingo waukulu umene uli ndi mapemphero angapo Sabata lililonse. Nyimbo ndi zabwino, zokuzira mawu ndi zamphamvu. Koma ndikayang'ana mizere ya anthu opita ku Mgonero ndimadzifunsa kuti ndi angati ali ngati amayi anga chaka chija, ndipo ndani angadziwe. Kumudzi mkulu wa mpingo ankadziwa khomo lililonse la m'dera lake, ndipo munthu akatuluka ndi ana pa tsiku la Mgonero, sabata isanathe njinga inali itatsamira pamtengo wake. Kutauni munthu atha kudana ndi m'bale wake, kumutsekereza pa foni, kutuluka m'gulu la WhatsApp la banja, n'kusamukira ku mapemphero a m'mawa kuti asakumane naye, mpingo osadziwa kanthu. Tili ndi makomiti a zomangamanga, a chitukuko, a maukwati. Anthu oyenda khomo ndi khomo n'kukhala pansi kusenda mtedza achepa. Anzathu achikatolika anaona vutoli kale, n'chifukwa chake kuyambira m'zaka za m'ma 1970 analimbikitsa miphakati, kuti anthu oyandikana azipemphera m'makomo n'kumadziwana. Nafenso mapemphero a m'madera tili nawo, koma nthawi zambiri amathera pa zolengeza ndi zopereka.

Atsibweni anamwalira patapita zaka zingapo, feteleza uja atamaliza kupereka. Pa matenda awo amayi ndi amene ankawaphikira phala, ndipo zaka za pakati pa kuyanjana ndi imfa anadyera pamodzi Mgonero mosadukiza. Koma nkhani sinathere pamenepo. Mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga, amene anali wamng'ono pa nthawi ya mlandu, wakula akumva mbali imodzi. Akuti bambo ake anawakakamiza kupereka munda wa kudambo, ndipo akuufuna. Chaka chatha anakazika zikhomo m'malire. Amayi akalamba tsopano, ndipo atandiimbira foni mawu awo anali odekha. Anati anapita okha kukamuona, anamufotokozera zonse kuyambira pa katapila, iye anamvetsera koma sanayankhe. Anati sakufuna kuti nkhaniyi ipite kukhoti, komanso sadzanamizira kuti mundawo si wawo pofuna kugula mtendere. Mkulu wa mpingo uja anatisiya kale, koma mnzake amene analipo tsiku lija akadali moyo, ndipo nduna ya a nyakwawa ikukumbukira zimene anagwirizana. Apangana kuti akumane ndi msuweni wangayo anthu akamaliza kukolola, ndipo amayi andiuza kuti ndikapezekepo, ndibwere ndi azakhali.